Diso la a Esinati ndi Lole ya Gule

A Esinati anataya diso lawo lamanja patangopita milungu yochepa chichitireni opaleshoni, ndipo amene ankawadontheza mankhwala m'disomo ndinali ine.

Inali ntchito yanga yoyamba, m'zaka za chipani chimodzi, ndisanalowe utolankhani. Anandipezera ndi malume. Pa siteji ya basi ku Chitakale anakumana ndi a Makwinja, mkulu wa kiliniki ya pa esiteti ina ya tiyi, nawauza kuti mwana wa mlongo wawo walekezera Fomu 2 ndipo akungokhala. A Makwinja anangofunsa ngati ndimaopa magazi. Lolemba lake ndinavala diresi yoyera. Ndinkawiritsa majekeseni, kupinda mabandeji ndi kutsuka mabala a anthu odzicheka ndi mpeni wodulira tiyi.

A Esinati anali othyola tiyi, okhala ndi amuna awo m'malayini, nyumba za antchito a esiteti. Diso lawo lamanzere linali lofooka kuyambira ubwana. Lamanjalo, limene ankadalira, linamatuka kachikopa ka kuseri kwake, kamene madokotala amati retina. Dokotala wa maso ku Blantyre anakamata. Vuto la opaleshoniyi ndi chipsera: chikamera m'kati mwa diso chimakoka kachikopako mpaka kumatukanso. Dokotalayo ankayesa mankhwala odontheza kuti aone ngati angaletse chipseracho, ndipo a Esinati anavomera kukhala m'gulu loyesedwa.

Malangizo anali omveka. M'mawa, masana ndi madzulo ndinkapita kunyumba kwawo. Ndinkasamba m'manja ndi sopo, kumatula pulasitala, kuchotsa chotchingira diso, kupukuta zikope ndi thonje lonyowa kuchokera kumphuno kupita kukhutu. Kenaka kukoka chikope cham'munsi, dontho limodzi, botolo osakhudza nsidze. Iwo sankayenera kuwerama, kusenza dengu, kudumpha kapena kukwera galimoto m'msewu wa mabampu.

Ankaseka nane. "Anesi anga a Fomu 2, lero musandithire m'mphuno."

Koma a Esinati analinso ndi mawu. Pa esiteti yonse ndiwo ankatsogolera nyimbo amayi akamavinira akuluakulu a chipani. Loweruka lina ndinapeza lole itaima pamalayini, amayi atadzaza, onse mu nsalu yofanana. Ku boma kunkabwera mlendo wamkulu. Pakhomo pa a Esinati panaima mayi tcheya wa nthambi ya chipani.

"Mayi, awa ndi odwala," ndinatero. "Dokotala analetsa."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Iwe mwana, amayimba ndi diso?"

Amayi a m'lole anaseka, ena mokakamiza. Ndinathamangira ku kiliniki kukapempha a Makwinja kuti abwere adzanene okha. Mawu a munthu wa jasi yoyera akanamveka. Ndinawapeza akuwerenga nyuzipepala.

"Ine ndili ndi ana a sukulu," anatero osakweza mutu. "Za gule si zachipatala."

Pobwerera ndinapeza a Esinati atavala kale nsalu. Anandinong'oneza kuti, "Ndikakana, abambo akunyumba awachotsa ntchito, nyumba atilanda. Tikagona m'tiyi?" Ankanena zoona. Ndinaika botolo m'thumba ndi kukwera nawo. Ulendo wonse ndinagwira mutu wawo pachifuwa panga, lole ikudumpha m'maenje ngati yanyamula nkhuni.

Chimene chimandiwawa mpaka lero chinachitika pabwalo. Mayi tcheya ankayendera mzere, kuwongola mipango. Atafika pa a Esinati analoza chotchingira diso.

"Chotsani ichi. Mlendo aziti kwathu kuno amayi timawamenya?"

Mayi tcheyawo anachimatula okha, ndi zala zimene zinali zitangogwira ndalama ndi chinangwa chootcha. Ine ndinatsala kunja kwa chingwe chotchinga bwalolo. Achinyamata a chipani anakana kundilowetsa chifukwa ndinalibe nsalu. Nthawi ya dontho lamasana inadutsa ndili chiimire, botolo likutentha m'thumba. Ndinawaona a Esinati patsogolo pa mzere, akuwerama ndi kudzuka motsata ng'oma, fumbi likuwalowa m'diso. Anayimba bwino kwambiri. Mlendoyo anafika dzuwa litapendeka, anakweza dzanja, nalowa m'galimoto yake.

Patapita masiku angapo ndikupukuta zikope anati, "Anesi, wina wandipachikira katani yakuda kumbali kuno." Ndinawaunika ndi tochi. Sanaphethire.

Ku Blantyre tinapita atatu: ine, a Esinati ndi a Makwinja. Dokotala atayang'ana m'diso anafunsa ngati wodwalayo anatsatira malangizo. A Makwinja anandiponda phazi.

"Anthu a kumudzi awa, dokotala, samva. Anapita kukavina."

Anapita kukavina! Ngati anachita kufuna. A Esinati anangoweramitsa mutu. Ine ndinanena za lole ndi za mayi tcheya. Dokotalayo anayang'ana kuchitseko, natsitsa mawu, nati zimenezo sangazilembe. Analemba za a Makwinja. Mwezi womwewo ku kiliniki anandichotsa ntchito chifukwa cha mwano.

Ndine munthu wa nkhani, choncho ndinene zonse. Dokotalayo anati diso lotere limatha kumatukanso ngakhale munthu atagona phee. Sindingalumbire kuti gule ndiye analipha. Sindikudziwanso ngati mankhwala aja ankagwira ntchito, ndipo pa diso la a Esinati palibe amene adzadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti disolo silinapatsidwe mpata, ndipo mlandu unagwera mwini diso. Anasiya kuthyola tiyi chifukwa sankasiyanitsanso nsonga yanthete ndi tsamba lokhwima. Nyumba ija anawalandabe amuna awo atamwalira.

Ndinaphunzira kuti kudontheza mankhwala ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyo. Yaikulu ndi kuima pakhomo pa wodwala ndi kubweza anthu.

Chaka chino mwana wawo Roda wayamba kuona zong'anima ndi timadontho takuda m'diso. Opaleshoni yake ndi mwezi wamawa. Akatuluka adzakhala kwanga ku Nkando mpaka dokotala atamumasula. Roda amatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo abusa atumiza kale uthenga wofunsa ngati adzapezeke pa msonkhano waukulu. Ndawayankha kuti abwere adzandifunse ine pachipata.