Mango a bambo agwera ku Malawi

Mwaswera bwanji nonse. Ine mutu waima.

Apulofesola anatituma kuti aliyense ajambule munda wakwawo pa mapu a pakompyuta. M'mawa uno ndazungulira dimba lathu lakumtsinje kuno ku Mozambique ndi foni, ndikuika chizindikiro pangodya iliyonse.

Nditalowetsa m'kompyuta, ndaona mzere wa malire a dziko utadutsa pakati penipeni pa dimbalo. Nthochi zili ku Mozambique, koma mtengo wa mango umene anabzala malemu bambo uli ku Malawi! Ndabwereza katatu, chimodzimodzi.

Apulofesola akuti mwina mtsinje, umene timautenga ngati malire, unasintha njira chaka cha madzi osefukira chija. Amalume akuti, "Fufuta msanga iwe, ungatilanditse dimba."

Ntchitoyi ndikapereka mawa. Ndipereke momwe zatulukiramu, kapena ndimvere amalume? Nanga zaka zonsezi takhala tikudya mango a dziko liti?