Dokotala Amene Anakana Kutsitsa

Mu Mutare monse munalibe mtengo umene ine ndikanalephera kuutsitsa. Ndinkanena zimenezi poyera pamsika wa ku Sakubva, pomwe ndimagulitsa kaunjika, ndipo palibe ankanditsutsa. Ndinanenererapo bokosi la maliro mpaka mmisiri anandiwonjezera zogwirira zonyezimira. Tsiku la malowolo a mkazi wanga ndinkangonong'oneza mkhalapakati, mpaka akuchikazi anafunsana kuti kodi munthuyu wadzera mbeta kapena wadzaoda tomato.

Amene anandilowetsa mu padelo ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga. Ndi Mshona wa ku Odzi, analandira munda nthawi yogawa mafamu a azungu ija, fodya n'kumuyanja, mimba n'kutsogola. Timatchulana kuti tsano, monga mwa kwawo. Padelo ndi mphwake wa tenesi: anthu anayi, awiri uku awiri uku, m'khola la magalasi, aliyense ndi chomenyera chobookabooka ngati sefa. Ambiri osewera ndi a magalimoto aatali. Ine ndinkafika pa kombi, minibasi ya kuno, nditavala kabudula woyera wa m'belo langa lomwe.

Musadabwe kuti wakaunjika ankafunanji kumeneko. Bambo anga anachoka ku Malawi ali mnyamata n'kukakalambira pafamu ya nthochi ku Burma Valley. Loweruka lililonse ankasesa bwalo la tenesi la mzungu, kulemba mizere ndi laimu, kenako n'kuima pakona kumatola mipira. Chomenyera ankachigwira pochipukuta basi. Famu itatengedwa tinatsikira m'tauni ndi mitolo pamutu, ndipo pabwalo paja anthu anayamba kuyanikapo chimanga. Choncho tsiku limene ndinaponda m'khola la magalasi lija, ndinalumbira chamumtima kuti mwana wa bambo aja wabwera kudzamenya mpira, osati kudzatola.

Vuto n'lakuti ndinkaumenya ngati ndikudula waya wa belo. Patapita miyezi chigongono chakumanja chinayamba kutentha. M'mawa wina kapu ya tiyi inangopulumuka m'dzanja. Belo, limene ndinkaliponya paphewa ndikuyankhula ndi kasitomala, linandikanika kulisuntha. Ndipo zinachitika titangopangana ndi mlamu kuti pakatha masabata atatu tikumane Loweruka, iye ndi mnzake, ine ndi mnzanga wogulitsa nsapato, mabanja onse akuonerera.

Mlamu atamva za mkonowo anaimba foni akuseka. "Tsano, musadandaule. Ngati mkono wakana, mubwerebe mudzatitolere mipira. Si ntchito ya kumtundu kwanu?"

Ndi chilamu, ndikudziwa, timanyozana zoposa pamenepa. Koma ameneyu anaponda pachilonda. Ndinati, "Tsano, konzani mbuzi ya phwando. Ndibwera, ndipo ndisewera."

Ndinayamba kusaka wondichiza monga ndimasakira katundu. Woyamba anali bambo wina wotikita osewera mpira wamiyendo kuseri kwa bwalo. Anandipaka mafuta oyabwa, n'kunena kuti masabata awiri ndichira.

"Achuluka," ndinatero.

"Imodzi."

"Masiku atatu?"

"Atatu omwewo, mdala. Mudzamenya ngati mphezi."

Wachiwiri anali ndi kachipinda pamwamba pa shopu m'tauni, jasi yoyera ndi mabotolo a mapiritsi mpaka kudenga. Anandigwiritsa kachitsulo kolumikiza ku kompyuta, n'kupeza kuti chiwindi changanso chatopa. Uyu sindinavutike n'komwe kunenerera. Nditangokwinya nkhope anati mawa lomwe ndikhoza kusewera.

Ndinatsika masitepe mtima uli zii. Onsewa anandiuza zimene ndinkafuna kumva, koma ine ndine wamalonda. Munthu akatsitsa usanatsegule pakamwa kawiri, dziwa kuti jeketeyo ndi yobooka kukhwapa.

Mkazi wanga ndiye anafunsa nesi wina wa kutchalitchi kwathu. Nesiyo anati kuli dokotala amene anaphunzira za kuvulala kwa anthu amasewera, amachokera ku Harare kamodzi pamwezi, ndipo dzina lake lili m'kaundula wa madokotala, iye anaonamo yekha. Ndinadikira masiku anayi. Nditalowa ndinapeza mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndisanakhale pansi ndinapita pakhoma kukawerenga satifiketi yake, mpaka kusuzumira kumbuyo kwa felemu monga ndimachitira ndi msoko wa suti.

"Ndi yeniyeni, bambo," anatero osatukula mutu. "Tambasulani mkono."

Anandiuza kuti ndilimbitse chala chapakati, iye n'kuchikanikiza pansi pang'ono chabe. Ndinakuwa m'Chichewa n'kumalizira m'Chishona. Kenako anapempha chomenyera changa, chimene ndinabwera nacho m'jumbo. Anachiyesa kulemera, n'kugwira mpini wake.

"Munachigula kuti?"

"Chinatuluka m'belo."

"Chikuoneka. N'cholemera, mpini ndi wowonda, ndiye mumachifinya ngati chithawa. Mtsempha wa pachigongono wanyotsoka. Masabata asanu ndi atatu: mkono uwu usamenye mpira, usanyamule belo. Ndikupatsani zochita tsiku ndi tsiku, kupotokola thaulo ndi kutsitsa kachitini pang'onopang'ono."

Apa ndinakhala bwino pampando. Tinali titafika pabwalo langa.

"Adokotala, umenewo ndi mtengo wa alendo. Ine ndine wa konkuno. Atatu."

"Asanu ndi atatu."

"Tisakhumudwitsane. Tikumane pakati, asanu, ndipo ndikubweretserani makasitomala. Kupadelo kuja aliyense akutsimphina."

"Bambo, mukunenerera kwa munthu wolakwika. Katunduyu si wanga. Mwini wake ndi mtsemphawu, ndipo sudziwa kuti ndinu wa konkuno."

"Nanga jekeseni? Ndamva ilipo yotseka ululu."

"Ilipo. Mukasewera Loweruka lanulo osamva kanthu, mtsempha ukung'ambika mwakachetechete. Chaka chamawa belo adzakunyamulirani ndani?"

Ndinatulutsa chida changa chomaliza, chimene sichinandigwiritsepo mwala chiyambire. Ndinaimirira, kupukusa mutu mwachisoni, n'kuyamba ulendo wa kukhomo. Aliyense wa pamsika amadziwa kuti wogulitsa amakuitana usanaponde kachitatu. Ndinaponda kachitatu. Kachinayi. Ndinafika pachitseko n'kuwerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato, chonsecho nsapato zanga zinali zopanda zingwe. Pamenepo ndinamva akukonza kukhosi, mtima wanga n'kuti eya, wagonja.

"Wotsatira!"

Ndinaima pakhonde kwa kanthawi, agogo ena a ndodo akundidutsa. Manyazi anali pamenepo, koma pansi pa manyazipo panali chinthu china chimene wamalonda yekha angachimvetse: ndinali nditapeza katundu weniweni. Agogo aja atatuluka ndinagogoda.

"Ndaiwala pepala la thaulo lija."

Anandipatsa, linali kale patebulo, dzina langa atalemba.

"Funso limodzi, adokotala. Nanga wamanzerewu?"

"Wamanzere si wodwala wanga. Wamanjawo muumange pachifuwa, ndipo musagwe. Koma mukachita manyazi."

"Manyazi ndi anga. Imeneyo ndiye mbasera yanga."

Kunyumba mkazi wanga anandichingamira pakhomo. "Bambo a ana, mwatsitsa?"

"Zokambirana zili mkati."

"Ndiye kuti akukanizani." Anaseka mpaka kugwira chitseko. Madzulo omwewo anandipatsa thaulo ndi kachitini ka nyemba, n'kukhala pampando kumandiyang'anira ngati kapitawo wa ku Burma Valley.

Loweruka lija ndinafika, mkono wamanja uli m'nsalu pachifuwa, chomenyera chopepuka chobwereka chili kumanzere. Mlamu atandiona anagwira mimba ndi kuseka. "Tsano, mwabwera kudzasewera kapena kudzapempha?"

Zimene zinachitika m'kholamo sindingazikometse. Mpira unkandidutsa kumanja, n'kugunda galasi, n'kundidutsanso pobwerera. Kamodzi ndinaupeza bwinobwino, koma unakatera pankhongo pa mnzanga wansapato, amene mpaka lero amandikumbutsa. Ana anga anabisa nkhope. Akuchikazi ankaimba nthungululu. Sitinawine chigawo ngakhale chimodzi.

Koma tsiku lonselo sindinawerame. Mpira ukafera mbali yathu ndinkangouyang'ana, mnzanga n'kutola. Wotsiriza, umene unatimaliza, unagubuduka n'kudzaima pachala changa chenicheni.

"Tsano, tiponyereni kuno!" anakuwa mlamu.

"Adokotala anandiletsa kunyamula katundu."

"Ndi wamanzerewo!"

"Watopa. Wakhala ukusewera."

Anthu anayamba kuseka, ndipo ulendo uno sankaseka ine. Mipirayo inali yake, yatsopano, ndipo mlamu wanga sataya chake. Anazungulira ukonde, thukuta lili kamukamu, n'kuwerama ndi mimba yake ya fodya ija pamapazi panga, mpaka ndinaona dazi limene amalibisa ndi kapusi. Ndinati, "Mwaigwira bwino, tsano. Bambo anga akanakulembani ntchito."

Masabata asanu ndi atatu ndinawamaliza onse, osachotserapo ngakhale theka la tsiku. Lero belo ndimaliponya paphewa ngati kale, ndipo padelo ndimasewera ndi chomenyera cha mpini wonenepa. Mlamu amauza aliyense ku Odzi kuti anandikwapula pamaso pa ana anga, ndipo sanama. Dokotala uja sananditsitsire kalikonse, ndiye pamsika ndinasiya kunena kuti palibe mtengo wondikanika. Ndimati ulipo umodzi. Koma m'khola muja ndinalowa, mkono ndinatuluka nawo, ndipo wotola mpira tsiku limenelo sanali mwana wa bambo anga.

Inuyo mwamva zonse. Tandiuzani, anawina ndani?