Lumo la a Mehboob

A Mehboob anabadwira ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya nsalu, koma ukalamba unawapezera kutsidya kwa nyanja, ku Leicester. Kumeneko anakhala zaka zambiri akubwereketsa matepi a kanema, mpaka anthu anayamba kuonera zonse pa foni, shopu n'kudzifera yokha. Chimene chinatsala ndi luso lawo: makina akatafuna tepi, iwo ankadula potafunikapo ndi lumo n'kulumikiza ndi selotepi. Lusoli ankadzitama nalo ngati udokotala.

Akazi awo, a Rukhsana, anali a ku Sri Lanka. Matenda oiwala atawagwira, chinayamba kuthawa ndi Chingerezi, kenaka mayina a ana, pomaliza nkhope ya amuna awo. Chokhacho chimene sichinathawe ndi filimu yakale yoseketsa ya m'Chisinihala, chinenero cha kwawo, imene anabwera nayo pa tepi pokwatiwa. Kapepala ka dzina lake kanamatuka kalekale. M'filimumo muli kabambo koonda kothawa apongozi ake, ambulera n'kukodwa pakhomo, iko khu! m'chithaphwi. Pakafika pamenepo a Rukhsana ankaseka mpaka misozi, n'kumenya bondo la amuna awo, kuwatchula dzina. A Mehboob sankamva Chisinihala ngakhale liwu limodzi, koma dzina lawo ankalimva, ndipo ankakhalira moyo pamenepo.

Tsiku lina mwana wawo Zakir anati, "Adadi, ndipatseni tepiyi ndikaikopetse pa kompyuta isanatheretu."

"Tepi ya amayi ako ndiipereke kwa ana osadziwa n'kutsegula komwe? Ine ndafa?"

Ukatswiri nawo umapusitsa munthu. Pofuna kumva dzina lawo kawirikawiri, a Mehboob ankabweza tepi pamalo omwewo, ndipo pomwepo ndi pamene panayamba kupyapyala. Makina akatafuna, lumo linkagwira ntchito. Oyamba kusowa m'filimumo anali apongozi aja, kenaka khomo. Ankadzitonthoza kuti akudula pang'ono chabe, osadziwa kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'nyengo yozizira ya 2018 makina anatafunanso, iwo n'kudulanso. Madzulo ake kabambo kaja kanathamanga ndi ambulera yake, kenaka mwadzidzidzi kanangooneka katakhala kunyumba, konyowa kale. A Rukhsana anali ataweramira kutsogolo, kukamwa yasa, kudikira. Anadikira mpaka filimu inatha. Sanaseke, ndipo bondo la a Mehboob silinakhudzidwe.

Zakir anafufuza pa intaneti, koma filimu yopanda dzina ungaifunse bwanji? Amene ankalidziwa dzinalo anali atakhala pampando pomwepo, ataliiwala kale. Chisoni chinawadya a Mehboob, makamaka podziwa kuti dzanja lolakwa linali lawo lomwe.

Masana ena, Nellie, mayi wa ku Malawi amene ankabwera kudzawasambitsa a Rukhsana, ali pomwepo, nkhalamba yaimunayo inatenga ambulera. Inaitambasula pakhomo la pabalaza, n'kuikodwetsa dala monga m'filimu muja, n'kudzigwetsa pa kapeti ndi mawondo ake owawawo. Itagwa, inatukula mutu kuyang'ana akazi ake.

A Rukhsana anadzipanikiza kumpando, atagwira zolimba mkono wa Nellie.

"Bambo, dzukani chonde," anatero Nellie motsitsa mawu. "Mukuwaopseza amayi. Akuona ngati m'nyumba mwalowa munthu wachilendo."