Tsiku Limene Anamutchula Nambala Seveni

Kampu ya achinyamata imene mpingo wathu umachititsa pa sekondale ya kwathu pa holide ya Ogasiti ndaigwirira ntchito zaka zambiri, koma ntchito yanga sinali ya Baibulo. Ine ndinali wa makiyi, wa nkhuni, wa zimbudzi, wolalatira anyamata ozemba kukagula mandasi kumsewu. Anthu amati ndine wa mtima wapachala, ndipo sindikana. Koma za chaka chimene ndikulemba panochi, aliyense wofuna kundiuza kuti ndinapsa mtima pachabe abwere andiuzire pamaso.

Chaka chimenecho bungwe lina la m'tauni linatitumizira ophunzira asanu ndi mmodzi a ku yunivesite. Anali anthu oti digiri yoyamba anamaliza kale, ndipo tsopano amaphunzira uphungu wothandiza anthu ovutika m'maganizo. Anabwera ndi mphunzitsi wawo, mayi wa magalasi amene tonse tinkamutchula adokotala. Pa msonkhano woyamba anatiuza kuti ana athu apeza anthu owamvetsera, ndipo ophunzirawo apeza pophunzirira ntchito. Ine ndinangomva mbali yoyambayo. Yachiwiriyo inandidutsa.

Ndinali ndi chifukwa chake. Mlongo wanga anali atamwalira mu Epulo, n'kusiya mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Mlongo wangayo anakwatiwa ndi Msilamu wa cha ku Njuli, ndipo mwanayo anakulira kumeneko akuyankhula Chiyao. Koma ine ndine malume, mbumba ndi yanga, ndiye sadaka ya masiku makumi anayi itatha ndinapita kukamutenga. Pakhomo panga anakhala ngati mpando. Kusesa amasesa, madzi amatunga, koma mawu ake anali inde ndi ayi basi. Mkazi wanga anayesa kumunyengerera. Inenso ndinayesa m'njira yanga, kutanthauza kuti ndinamukalipira kawiri. Kampu itafika ndinamulembetsa, ndikuti mwina alendowa amutsegula pakamwa.

Anandipatsa pepala la Chingerezi loti makolo asaine. Ndinasaina chiimirire, diso lina lili pa ngolo ya nkhuni imene inkatsitsidwa pamalo polakwika. Fomu 4 ndinafika, Chingerezi ndimachidziwa. Sindinawerenge, basi. Pepalalo linkanena kuti zokambirana za mwana ndi mphungu wake azizijambula pa foni kuti mphunzitsi azimvera.

Tsiku lachitatu ndinamuona mwana wa mlongo wanga uja akutuluka m'kalasi limodzi ndi wophunzira wina, mtsikana wamtali wa kumpoto. Maso anali ofiira. Koma pa chakudya anakhala ndi anzake, ndipo podutsa pamene ndinaima anati, "Amalume, inu mwadya?" Miyezi itatu ndili naye m'nyumba anali asanandifunsepo kanthu. Ndinapita kuseri kwa khitchini kukanamizira kuyang'ana nkhuni.

Mawa lake masana adokotala anandiitana.

"Bambo, tamva kuti mumadziwa Chiyao."

"Ndinagulitsa kabichi ku Limbe zaka zisanu ndi zitatu. Ndikanapanda kuchidziwa ndikanadya kabichiyo ndekha."

Anaseka, nandiuza kuti tsiku lililonse cha m'ma 3 koloko amakumana ndi ophunzira ake. Aliyense amayatsa zimene wajambula, onse n'kumvera, kenako n'kukambirana pamene wachita bwino ndi pamene walakwitsa. Umo ndi mmene ntchitoyi amaphunzirira. Vuto linali loti mwana wina anayankhula Chiyao pakati pa nkhani, ndipo palibe mwa iwo anamva. Ndikanafunsa pomwepo kuti mwana wake uti. Sindinafunse. Ndinamva kukoma kuitanidwa ndi anthu a digiri.

Amakumanira m'kalasi la Fomu 2, la kumapeto. Mawindo ake analibe galasi ngakhale limodzi. Kunja, kunsi kwa mawindowo, ndi kumene kunkakhala mthunzi wokhawokha nthawi imeneyo, ndipo tsiku lililonse amayi asanu otiphikira ankakhala pamenepo ndi malichero awo kusankha nyemba. Ophunzirawo ankawadutsa amayiwo polowa, ena kuwapatsa moni kumene. Kwa iwo amayi aja anali ngati khoma lomwelo.

Mtsikana wamtali uja anaika foni pa desiki n'kuilumikiza ku kasipika kakuda.

"Uyu ndi nambala seveni," anatero. "Mtsikana, zaka fifitini. Amayi ake anamwalira mu Epulo, panopa akukhala ndi amalume ake. Dzina sititchula, ndi lamulo la ntchito yathu."

Ndisanatsegule pakamwa, mawu anali atatuluka kale. Anali iye. Anayamba m'Chinyanja, motsitsa, kenako analira, ndipo polirapo anagwera m'Chiyao monga amachitira munthu akaiwala amene akuyankhula naye. Ankanena za tsiku limene mayi ake anakomoka. A pakhomo anamutuma kuti athamange ku siteji akaitane wa kabaza. Podutsa pa bwalo anapeza atsikana akusewera mpira wa manja, ndipo anaima kuonerera, pang'ono pokha, akuti pang'ono pokha. Pamene amafika ndi njingayo mayi ake anali atasiya kuyankhula. Anati palibe akudziwa, ngakhale bambo ake. Anati, ndinawapha ndine.

Mtsikana wamtaliyo anaimitsa foni n'kundiyang'ana, cholembera chili m'manja.

"Apapa akuti chiyani, bambo?"

Chimene ndinamva ine si funsolo. Ndinamva kuti kunja nyemba zasiya kulira m'malichero.

Ndinazula chingwe cha kasipikako mpaka kanagwera pansi.

"Mwana wa mlongo wanga ameneyu! Mwamuika pa wailesi?"

Adokotala anavula magalasi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiwonjezera moto.

"Bambo, khazikani mtima pansi. Sitimadziwa kuti ndi wachibale wanu, pepani. Koma onani, sitinatchule dzina la munthu aliyense."

"Dzina? Kuno dzina n'lachiyani? Pa kampu pano atsikana a zaka fifitini oferedwa mayi mu Epulo alipo angati? Amayi ali panjapo amazindikira mwana akangotsokomola kuseri kwa chimbudzi. Awiri mwa iwo Chiyao anayamwira. Inu mwachotsa dzina n'kusiya mawu a mwiniwake, ndiye mukuti mwabisa?"

Ndikulalata choncho, mnyamata wina wa tayi ankalemba mofulumira m'kope. Ndinamulanda. Analemba m'Chingerezi kuti wachibale akuonetsa mkwiyo, mwina ndi chisoni chimene sanachitulutse. Ndiye kuti inenso ndinali nditasanduka phunziro, nambala eyiti kapena. Kopelo ndinaliponya pa windo lomwelo. Sindinyadira, koma sindinapepese.

Ndinatuluka kupita kwa amayi aja. Onse asanu mitu inali yoweramira m'malichero.

"Mwamva chiyani?"

"Ife? Tikusankha nyemba ife, achimwene."

"Nyembazo mukusankha ndi manja ali pa mawondo?"

Palibe anaseka. Ndinavula chipewa, ine amene ndinkawalalatira m'mawa uliwonse za phala lochedwa, ndipo ndinanjuta pamaso pawo. Ndinawapempha kuti zimene zalowa m'makutu mwawo zithere pomwepo. Analumbira onse, wina mpaka kutchula manda a mwana wake. Ndipo ndinene zoona, sanali amayi oipa. Vuto linali lomwelo, kuti sanali oipa.

Pa chakudya cha madzulo, dzuwa lisanalowe, ana anandanda ndi mbale zawo. Mwana uja atafika kutsogolo, mayi wamkulu pa onsewo anamuikira nyemba kawiri. Kenako anamugwira pamkono, n'kumuuza m'Chiyao, mwachifundo chenicheni, kuti mwanangu, imfa ndi ya Mulungu, mpira sunaphepo munthu. Ana atatu a pambuyo pake anamva.

Mwanayo sanayang'ane mayiyo. Anatembenuka n'kufufuza ndi maso mpaka anapeza mtsikana wamtali uja ataima pa khonde. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika mbale pansi, pa dothi, bwinobwino kuti nyemba zisatayike, n'kupita ku hositelo.

M'mawa mwake adokotala ndi mtsikana wamtali uja anabwera kudzapepesa. Mtsikana wamtaliyo analira zenizeni, ndipo iyeyo sindimusungira chakukhosi. Anachita zimene anaphunzitsidwa, kuti ukachotsa dzina wasunga chinsinsi. Mwina m'tauni zimatheka, kumene munthu sadziwa woyandikana naye nyumba. Amene anandichititsa mseru ndi adokotala. Anati kuyambira tsiku limenelo azikumanira mu ofesi ya aphunzitsi, chitseko chotseka. Anati apeze nthawi yokhalanso ndi mwanayo kuti akambirane mmene zamukhudzira. Pomaliza anati, "Tonse taphunzirapo kanthu pamenepa."

"Mwaphunzira," ndinatero. "Mwaphunzirira pa mwana wa mlongo wanga ngati telala wophunzirira pa nsalu ya eni ake. Mufafanize zimene mwajambulazo."

Anati afafaniza tsiku lomwelo. Makiyi ndinasiyira abusa, ndinatenga mwanayo ndi chikwama chake, tinauyamba wa kunyumba wapansi.

M'njira sindinathe kunamizira kuti sindikudziwa kanthu. Ndinamuuza kuti ndinamva zonse, ndiponso kuti pepala lovomereza ndinasaina ndine osaliwerenga. Ndinamuuza kuti matenda a mayi ake anali akale, a m'kati, ndipo a chipatala anandiuza okha kuti ngakhale akanabwera ndi ndege sizikanasintha. Ndinamuuzanso chimene ndinali ndisanauze ngakhale mkazi wanga, kuti uthenga woti mlongo wanga wadwalika unandipeza masabata atatu asanamwalire, koma sindinapite chifukwa ndinali nditakangana ndi mwamuna wake pa nkhani ya munda. Ngati pali wochedwa, ndinati, wochedwayo ndi uyu akuyankhulayu. Anangoyenda. 

Sabata isanathe nkhani inali itafika pa mjigo. Palibe ananena kuti anapha mayi ake, ayi, anthu kwathu sanena choncho. Amayi ankangosiya macheza iye akafika, n'kumupatsa malo kuti atunge msanga. Ana a sukulu anayamba kumutchula wa mpira uja. Ndinagwira mmodzi khutu, bambo ake anabwera, tinatukwanana, ndipo dzinalo linangofalikira kwambiri.

Lamlungu lotsatira, nditabwera ku tchalitchi, mwana wa mlongo wanga uja anagwada pakhomo.

"Amalume, ndikufuna ndikakhale kwa azakhali ku Blantyre. Kumeneko sakundidziwa."

Azakhaliwo ndi mlongo wa bambo ake. Mwa mwambo wathu ndikanakana, ndipo palibe akanandidzudzula. Mwana wa mbumba sapita kuchimuna malume ake ali moyo. Abale anga anandiuza zimenezo mokweza, wina mpaka anati ndataya mwana wa malemu ngati nkhuku. Ndinawafunsa ngati alipo amene angatseke pakamwa pa mudzi wonse. Palibe anadzipereka.

Lachitatu ndinamuperekeza ku Boma kukakwera minibasi ya ku Limbe, kumene azakhaliwo ankamudikira. Kondakita anaponya chikwama kumbuyo n'kuyamba kukuwa kuti watsala mmodzi. Mwanayo anaika phazi pa chitseko, kenako anatembenuka.

"Amalume, mawu aja anafafaniza?"

"Adokotala anati afafaniza."

"Inu munaona?"

Kondakita anamenya denga la minibasi. Ndikanatha kunama, ndipo akanapita ndi mtima wopepukako.

"Sindinaone," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'ono, nalowa, n'kukhala pa mpando wa pakati, kutali ndi windo.