Manda Anga ku Dambe

Ndinachoka ku Dambe chifukwa cha msonkho ndi malata. Mbatatesi inali itapsa ndi chiwawu zaka ziwiri zotsatizana, amesenjala ankatisaka ngati mbewa, ndipo Esinati, mkazi wanga, ankafuna nyumba yosadontha. Mwana wathu Lonesi anali ndi zaka zisanu. Ndinati ndikakhala zaka ziwiri basi. Aliyense amatero.

Ndinadzera ku Tete wapansi, n'kukapeza ntchito ku Rodeshiya kwa mzungu wina wogumula nyumba. Ankatituma kumene boma lasamutsa anthu akuda. Tsiku lina titagwetsa mudzi wathunthu, iye anayendera, n'kukankha fuwa ndi nsapato, n'kukalipa liwu limene ndinali ndisanalimvepo: obliterate. Ndinafunsa kalaliki wathu, a Chirwa, Mtonga wokonda dikishonale kuposa mowa.

"Kugumula kumasiya bwinja, Fulaisoni," anatero. "Munthu amabwera n'kunena kuti apa panali khomo langa. Liwu ili ndi la pamene ngakhale mwini wake sangaloze. Salitchula pa mbale yosweka ayi. Ndi la mudzi, la mtundu wa anthu, la dzina lofufutidwa papepala."

Choncho tinakumba mafuwa, tinazula mango ndi nthochi, thirakitala n'kugalauza zonse. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka khumi ndi zitatu ndipo ndinali katswiri. Sindinganame kuti inkandisowetsa tulo.

Zaka ziwiri zoyamba ndinkatumiza ndalama, makalata akundilembera a Chirwa. Kenako ndinadwala, kenako mowa, kenako manyazi. Kalata ikachedwa chaka chimodzi imalemera ngati thumba la simenti. Lamlungu ndinkakhala pakhomo mu komboni, anthu akuseka m'Chishona, ine ndikusungulumwa, koma cholembera osachigwira. Chaka chachinayi ndinagulitsa chitupa changa kwa bambo wina wa kwa Apwitikizi amene analibe mapepala, ine n'kutenga china pa dzina lopeka. Ambiri ankachita zomwezo.

Nkhondo itakula kumeneko ndinabwerera. Pa Zalewa ayufi anandigulitsa khadi la chipani ndisanamwe n'komwe madzi. Ndinakwera lole mpaka pa Neno, kwinako wapansi, sutikesi pamutu.

Woyamba kundiona anali malume anga, a Sitolo. Sanathawe. Anatapa dothi n'kundiwaza pachifuwa, ndipo ataona kuti sindinazimirire anakhala pansi.

"Iwe unamwalira," anatero. "Kalata inachokera kuboma, chitupa chako chili momwemo. Ngolo ya fodya inakuponda kufamu."

Abale anali atachita zonse mwa mwambo. Anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, anameta, anagwetsa nyumba yanga, Esinati n'kumusudzula. Anakwatiwa ku Chifunga ndipo anali ndi ana anayi. Sindinamuimbe mlandu. Lonesi yekha anakana kupita, anatsala ndi achemwali anga.

Pamene panali nyumba panali mizere ya mbatatesi. Ine katswiri ndinazungulira kawiri osaloza khomo. Koma mayi aliyense wodutsa ankandilozera: apa panali nkhokwe, apa Esinati ankasinja, apa munagwera mutaledzera pa Khirisimasi. Liwu la mzungu lija silikanapeza ntchito pa Dambe. Kwathu amagwetsa nyumba, koma amakumbukira mpaka kutopetsa.

Lonesi ndinamupeza ali mayi, mwana kumbuyo. Anagwada n'kundipatsa moni wopatsa mlendo. Patapita masiku atatu mudzi unkalambula kumanda, ndipo Lonesi ananditengera pa kamtumbira kena kozunguliridwa ndi miyala yoyalidwa bwino.

"Bambo anga ali apa," anatero. "Chaka chilichonse ndimalambula ndine."

"Lonesi, ndine amene. Ndabwera."

"Ndakuonani. Koma awa sanatisiye dala. Inu munali moyo zaka zonsezi."

Zinandipweteka kuposa nkhani ya Esinati. Pambali panali khasu lina. Ndinalitola n'kuyamba kumuthandiza kupalira, iye kumiyendo, ine kumutu.