Duwa ya Che Bwanali Imene Inachedwa

Ndikakumbukira Che Bwanali, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi utsi wa parafini, ndiponso mvula ikulira pa malata a ku Cato Manor kumene ndinakulira. Anali telala wochokera ku Mangochi. Chipinda chawo ndi chathu zinalekana ndi matabwa okha, moti tinkawamva akusamba mapazi m'beseni asanaswali. Pamsewu ankalankhula Chizulu chothyokathyoka ngati tonsefe, kuopa kudziwika kuti ndife obwera. Chichewa chinkayamba chitseko chikatsekedwa.

Chaka chino ndawaganizira kwambiri. Mkazi wanga Thoko anamwalira m'chipatala ine ndili m'taxi, ndikupita kukamuona. Panalibe wachibale pambali pake. Sindidziwa ngati anachita mantha, ndipo palibe amene angandiuze.

Ndili mwana wa pulayimale, akazi a Che Bwanali, Abiti Jafali, anadwala kumudzi. Abale akaimba foni ankangoti, “Matenda akula.” Kwawoko imfa sainena pafoni kwa munthu amene ali yekha kutali, amadikira wina woti akakhale naye pansi. Choncho Che Bwanali anasiya mathalauza a anthu ali osapinda m'munsi, namakhala pamkeka akupempha duwa, pemphero la Chisilamu, mawu awo akudutsa m'matabwa muja pamodzi ndi utsi. Uthenga unabwera ndi mayi wina wa geni amene ankadzagula mabulangete. Abiti Jafali anali ataikidwa kale sabata yapitayo.

Titapita kukapepesa, ine ndinafunsa zimene akuluakulu ankangozimeza.

“Agogo, ndiye duwa zonse zija zinapita pachabe? Mumapempherera munthu ali kale m'manda.”

Amayi ananditsina pantchafu.

“Musiyeni, afunse,” anatero Che Bwanali. “Iwe Mphatso, uthenga wachedwa kwa ine chifukwa unakwera basi. Ukuganiza kuti Mulungu nayenso amadikira basi pa malire a Beitbridge?”

Anthu anaseka pang'ono, mwamanyazi.

“Koma sanachire,” ndinatero.

“Sanachire. Koma tsiku limene ankavutika lija, Mulungu ankamva kale duwa yanga ya dzulo, ndi ya mawa imene sindinapemphe. Dzulo ndi mawa ndi zathu ife. Iye amaziona zonse pamodzi.”

Mawa lake makina anayambanso kulira. Koma kwa miyezi yambiri, ndikamatsuka mbale pafupi ndi khoma, ndinkawamva akupempherabe. Sankapempha kuti akazi awo achire. Ankapempha kuti ola lawo lomaliza likhale lopepuka, ngati kuti olalo linali lisanafike.

Ku koleji ndinakumana ndi funso lomweli m'mabuku: ngati Mulungu ali kunja kwa nthawi, kodi kupempherera zimene zinachitika kale n'kwanzeru? Ndikudziwa mayankho a mbali zonse ziwiri. Ndikudziwanso kuti zakale sizisintha, ndipo sindipempha kuti zisinthe. Thoko sabwera.

Che Bwanali anabwerera kwawo kalekale, ndipo ine si Msilamu. Komabe m'mawa uliwonse, m'nyumba yathu ya ku Berea, ndisanapite kuntchito, ndimakhala kumbali yanga ya bedi. Ndimatchula chipinda chija cha m'chipatala, ndi ola lija ine ndili pamsewu. Sindinena kuti, “Munali naye kodi?” Ndimati, “Ambuye, ine ndachedwa. Khalani naye.”