Waya wa Buleki Ndinauona

Inu owerenga, ku Guilleme kuli bambo wina amene sadzayendanso, ndipo amene ndinawaika pa chikuku ndine. Ndinawanamiza pamwamba pa phiri chifukwa chofuna kutamandidwa ndi anthu amene lero ngakhale dzina langa sakulikumbukira. Ndasunga nkhaniyi nthawi yaitali, koma ndaona kuti kukhala chete sikukundichiritsa.

Ndinali wakabaza pa Kamwendo kwa zaka zambiri. Anthu ankandidziwa ndi mphamvu za m'miyendo, moti ndinkanyamula mayi ndi thumba lake la mtedza n'kukwera chitunda osatsika. Ndinkakonzanso njinga pansi pa mtengo pafupi ndi siteji yathu. Pa siteji yomweyo pankagwiranso ntchito alamu anga a Lameki a ku Guilleme, achimwene ake a mkazi wanga. Iwowa ndi amene anandiyankhulira kwa makolo awo pamene ndinkafunsira mbeta, abale ena akukana kuti wakabaza sangasunge banja. Zokonza njinga sankazidziwa. Ikangolira penapake ankabwera nayo kwa ine, ndipo chimene ndanena ankachikhulupirira.

Loweruka lililonse pamsewu wathu pankadutsa gulu la anthu a ku Lilongwe, atavala zisoti ndi zovala zothina, ali pa njinga za matayala opyapyala. Ankafika kumalire a Zambia n'kubwerera. Tsiku lina ndinawathamangira pa kabaza wanga mwamasewera chabe, ndipo ndinayenda nawo limodzi mpaka pa Boma. Mkulu wa gululo anadabwa kwambiri. Patapita masabata angapo anatibwereka njinga ziwiri zakale za mpikisano, ine ndi alamu anga, kuti tiziyeserera nawo.

Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kukula. Ndinayamba kuwaona anzanga a pa siteji ngati anthu osadziwa kanthu. Mkazi wanga akandifunsa za kumunda ndinkayankha za magiya.

Chilimwe chitafika, gululo linakonza ulendo wa masiku atatu wokapalasa mu msewu wodutsa m'paki ya nyama zakuthengo, kumapiri a kumpoto. Anatitenga tonse awiri. Alamu anga ankazengereza, akuti iwo anazolowera misewu yathu ya kuchidikha, koma ndinawakakamiza mpaka analola. Tili m'galimoto, mkulu uja ananena kuti akufuna munthu mmodzi wamphamvu woti aziimira gululo m'mipikisano, ndipo amene asankhidwe adzapatsidwa njinga yatsopano. Ananena akundiyang'ana. Kuyambira pamenepo sindinaganizenso china.

Malo aja ndi okongola, sindinganame. Mapiri a udzu okhaokha mpaka kumene maso alekeza, mbidzi zikudya pafupi ndi msewu osatithawa, mphepo yozizira ngati ya mu Juni. Alonda a pakiyo anatipatsa malamulo tisanalowe. Lalikulu linali lakuti munthu asayende yekha, chifukwa cha nyama ndi nkhungu imene imagwa mwadzidzidzi. Aliyense anapatsidwa mnzake, ndipo mnzako akaima nawenso uyenera kuima. Ine mnzanga anali alamu anga.

Tsiku lachiwiri tinakwera chitunda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu. Tinafika pamwamba tili m'gulu lakutsogolo, ife akabaza a ku Mchinji, pamene ena a m'tauni anali akukankha njinga kumbuyo. Kutsogolo kwathu kunali mtsetse wautali wokhotakhota, mbali imodzi phiri, mbali ina phompho. Tikumwa madzi, alamu anga anandiitanira pambali n'kundiuza kuti buleki yakumbuyo ikumveka yofewa, ndiione.

Ndinagwada n'kusuzumira m'kati mwa chogwirira, mmene waya amalowera. Wayayo anali atanyotsoka, kutangotsala timawaya tiwiri kapena titatu. Aliyense wokonza njinga amadziwa tanthauzo lake. Waya watsopano analipo, koma anali m'galimoto yotiperekeza, imene inali kumbuyo kwenikweni ndi anthu otopa. Kudikira kukanatanthauza kuti gulu lakutsogolo litisiye, ndipo mkulu uja anali atakwera kale njinga yake.

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Alamu, wayayu ali bwinobwino. Ndi mantha chabe amenewo."

Anandifunsa kachiwiri ngati ndaonetsetsa. Ndinaseka mokweza kuti ena amve, n'kunena kuti anthu a ku Guilleme amaopa ngakhale chulu. Anthu anaseka. Iwo anamwetulira mwamanyazi, n'kumanga chisoti chawo.

Mumtima ndinkadziuza kuti buleki yakutsogolo ilipo, ndipo tikafika kumunsi ndisintha wayayo. Koma titangoyamba kutsika ndinawaiwala. Ndinawerama n'kuyamba kupitirira anthu mmodzimmodzi, ndipo alamu anga, posafuna kuphwanya lamulo lija, ankayesetsa kunditsatira. Pa kona ina yakuthwa panali mchenga umene madzi anakokolola kuchokera m'phiri. Ine ndinadutsa. Kumbuyo ndinamva mawu akuti "Alamu!" kamodzi kokha, kenako phokoso la chitsulo pamiyala.

Tinawapeza kumunsi kwa phompho atatsamira mwala, maso ali otsegula. Magazi sanali ambiri, ndipo ndinayamba kuthokoza Mulungu. Kenako anandipempha kuti ndiwachotsere njinga pamiyendo chifukwa sakutha kuigwedeza. Njingayo inali patali, itakodwa m'chitsamba. Pamiyendo pawo panalibe chilichonse.

Alonda a paki ndi amene anawakweza pa machira. Ulendo wa kuchipatala unali wautali, msewu uli wa mabampu, ine nditawagwira mutu. Madokotala anati msana wathyoka ndipo sadzaimanso.

Inu owerenga, mwina mukuganiza kuti pamenepo ndinalapa. Ayi. Mkazi wanga ndi apongozi atafika kuchipatala, ndinawauza kuti alamu ankathamanga kwambiri, ndinawachenjeza koma sanamve. Ndinanena zimenezi nditaima pafupi ndi bedi lawo, ndikuganiza kuti ali m'tulo. Bodza lomwelo ndinakalinena pa siteji, kutchalitchi, ndi kwa mkulu wa gulu uja. Aliyense anandimvera chisoni. Ena ankandiyamikira kuti ndine mlamu wabwino chifukwa sindinkachoka kuchipatala.

Njinga yatsopano ija anandipatsadi. Anabwera nayo pa Kamwendo, anandijambula nayo zithunzi, anawomba m'manja. Anthu a gululo anakawaona alamu anga kamodzi, atanyamula zipatso, ndipo sanapondekonso.

Patapita miyezi, alamu atabwerera kumudzi, ndinapita kukawazonda pamodzi ndi mkazi wanga. Taonani kupusa kwanga, ndinapita pa njinga yatsopanoyo n'kuitsamiritsa pa nkhokwe, moyang'anana ndi khonde pamene iwo anakhala. Anali ataonda. Akazi awo anali kumunda okha, fodya atauma m'nazale chifukwa chosowa wothirira. Anaiyang'ana njingayo nthawi yaitali. Kenako, mlongo wawo ali pomwepo, ananena motsitsa mawu.

"Alamu, waya uja munauona. Ndinaona nkhope yanu mutauona. Kuchipatala kuja sindinali m'tulo."

Anapitiriza kunena kuti anakhala chete pofuna kusunga banja la mlongo wawo, ndipo ankadikira tsiku limene ndidzabwere ndekha kudzanena zoona. Akuti miyendo anaiiwala kale, koma chimene chinkawasowetsa mtendere ndi kumva ana awo akuuzidwa kuti bambo awo anadzivulaza okha chifukwa cha kusamva.

Mkazi wanga anandifunsa funso limodzi lokha, ngati zinali zoona. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sanalire, sanakalipe. Analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera ndekha ku Kamwendo. Ankhoswe anakhalapo kangapo, koma iye anati sangagone nyumba imodzi ndi munthu amene anatha kuyang'ana amayi ake m'maso n'kuwanamiza mwana wawo ali chigonere. Mpaka lero ali kwawo, akuthandiza kusamala achimwene ake. Ana anga ndimawaona pa tsiku la msika.

Nkhani inafika pa siteji ine ndisanafike. Palibe amene anandithamangitsa, koma palibenso amene amabweretsa njinga yake kuti ndikonze. Gulu la ku Lilongwe lija ndinapalasa nalo kawiri kokha. Pamtsetse uliwonse ndinkangogwira mabuleki, ndipo atangoona kuti liwiro latha anapeza wina wamphamvu kwina. Amadutsabe Loweruka lililonse. Ndimaima m'mbali mwa msewu, iwo n'kudutsa osatembenuka. Poyamba ndinkawakwiyira, koma iwo sananditume kunama.

Ndinapita kukapepesa kwa alamu anga pamaso pa abale onse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti amva. Mawu akuti ndakukhululukirani sanatuluke, ndipo ndilibe ufulu wowaumiriza.

Tsono inu amene mumapalasa njinga, kaya ndi ya kabaza kaya ya mpikisano, mnzanu akati chinachake sichili bwino, imani. Phiri silithawa, ndipo amene akukuwomberani m'manja lero sadzabwera kudzamutembenuza mnzanuyo pamphasa. Inu amene anthu amakudalirani chifukwa cha luso lanu, musanene kuti chinthu chili bwino mukudziwa kuti sichili bwino, ngakhale kunena zoona kukuchedwetseni. Ndipo ngati mwalakwa kale, nenani tsiku lomwelo. Alamu anga akanatha kundikhululukira za waya. Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti ndinawasenzetsa mlandu wanga iwo ali gone, osatha kudzuka kuti adziyankhire.